Mmene mungalembere ndakatulo ndi kujambula za kwanu kumene munakuphonya, kwa ife okulira mu Blantyre

Mu Blantyre muno tilimo ambiri amene tikafunsidwa mtundu timayankha msangamsanga kuti ndine Mlhomwe, ndine Myao, ndine Msena, ndine Mngoni wa ku Ntcheu, koma agogo akangofika kuchokera kumudzi nkutilonjera m'chiyankhulo chawo timangomwetulira basi, mawu osatuluka. Tinabadwira ku Ndirande, ku Bangwe, ku Chilomoni, ku Zingwangwa, kumudzi timapitako pamaliro pokha ndipo tikafikako sitidziwa pokhala, sitidziwa woyamba kumupatsa moni, nyimbo ikayambika timangogwedeza milomo. Ululu umenewu ndi weniweni ndipo ndi woyenera kuulembera ndakatulo kapena kuujambula. Chimene chimandiwawa nchoti ndakatulo zambiri za nkhaniyi zimene timamva pa wailesi ndi m'maholo zimangofanana, chikhalidwe chathu chapita, atsikana avala mabuluku, azungu atiwononga, tiyeni tibwerere ku miyambo ya makolo, anthu amaomba m'manja koma pofika pokwerera minibasi aiwala kale, chifukwa mlakatuliyo sanatiuze chimene iyeyo mwini wake anataya.

Nde poyambira ndi pamenepo. Khalani pansi ndi kope, musalembe kaye ndakatulo, mungolemba chinthu chimodzi chenicheni chimene munayenera kukhala nacho koma mulibe. Chikhale chinthu chogwirika, osati "chikhalidwe" chonse. Mwina ndi dzina lanu la kumudzi limene linasiyidwa tsiku lobatizidwa ndipo palibe akukuitanani nalo. Mwina ndi nyimbo imene amayi anu ankaimba potsukuluza mwana koma anasiya atabwera m'tauni. Mwina ndi mfunda wanu woti simudziwa unachokera kuti, kapena kaphikidwe ka kalongonda koti kanathera pa azakhali anu, kapena manda a agogo aamuna oti olo atakusiyani pamudzipo simungawaloze. Mukapeza zinthu zisanu sankhanipo chimodzi chimene mukachiganiza pakhosi pamakhala ngati pamangika, zinazo zisungeni, zidzakhala ndakatulo zina mtsogolo.

Kenako fufuzani kuti chinthucho chinachoka bwanji m'banja mwanu, chifukwa sichinangosowa chokha ayi, pali anthu, malamulo ndi zaka. Apa mpamene alakatuli ambiri amachita ulesi, nde ndikhalitsapo pang'ono. Mzinda wathu uno dzina lake ndi la kamudzi ka ku Scotland kumene anabadwira David Livingstone, ndipo amishoni a Church of Scotland anakhazikika pano mu 1876 pamalo a mfumu Kapeni, kutanthauza kuti panali anthu kale, Amang'anja ndi Ayao, ali ndi mayina awo a mitsinje ndi mapiri. Amishoni anabweretsa sukulu ndi chipatala, zimenezo sitingakane, komanso m'mipingo yambiri munthu kuti alowe ankayenera kusiya magule, kusiya chinamwali cha kumudzi, kutenga dzina latsopano. Ngati ndinu Mlhomwe, dziwani kuti makolo ambiri anawoloka kuchokera ku Mozambique kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 ndi kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900, akuthawa nkhanza za Apwitikizi, nkudzakhala m'maesiteti a ku Thyolo, Mulanje ndi Chiradzulu kumene ankagwira thangata polipira malo okhala, ndipo ankanyozedwa kwambiri mpaka ena ankabisa chiyankhulo chawo kuti ana asamasekedwe. Lewis Bandawe ndi anzake anamenyera nkhondo ulemu wa Alhomwe m'zaka za m'ma 1940, koma chiyankhulo chinali chitayamba kale kuzilala m'makomo. Angoni nawo Chingoni chinawathera pang'onopang'ono chifukwa chokwatirana ndi mitundu imene anaipeza, chatsalira kwambiri m'nyimbo za ngoma ndi m'mayina.

Ndiye pali 1968, chaka chimene chipani cha MCP chinagamula kuti Chichewa chikhale chiyankhulo cha dziko pambali pa Chingerezi, Chitumbuka nkuchotsedwa pa wailesi, ndipo ziyankhulo zina zinadzamvekanso pa MBC pambuyo pa 1994. Izi ndikulemba m'Chichewa chomwecho ndipo ndimachikonda, koma mlakatuli woona mtima ayenera kudziwa kuti kwa mwana wa Chitumbuka, Chiyao kapena Chisena, Chichewa nachonso chinakhalapo chiyankhulo chomukankhira chake pambali. Pamwamba pake lamulo la maphunziro la 2013 linaika Chingerezi kukhala chophunzitsira, ndipo tonse tikudziwa masukulu amene mwana akagwidwa akuyankhula chiyankhulo cha kwawo amapatsidwa chibalo, ena mpaka kuvekedwa chikwangwani pakhosi. Simukuyenera kuthira zaka zonsezi m'ndakatulo, ndakatulo si mayeso a mbiri, koma mukazidziwa mumaleka kukalipira amayi anu kuti bwanji simunatiphunzitse, mumayamba kuona mantha amene anali nawo, ndipo mizere yanu imalemera.

Mukatha apo nyamukani mukafunse anthu. Kulemba za kwanu osafunsa aliyense kuli ngati kupita kuchigayo ndi thumba lopanda chimanga. Ngati agogo ali moyo pitani komweko, kaya ku Phalombe kaya ku Nsanje kaya ku Mangochi, ngati anatisiya funani atsibweni, azakhali, kapena gogo wina aliyense wa pamudzipo amene ankacheza nawo. Musapite chimanjamanja, kashuga, sopo, mchere, kachitenje ngati thumba likulola. Musafike nkutulutsa foni nthawi yomweyo, gonani kaye, thandizani kutunga madzi kapena kutong'ola chimanga, nkhani zabwino zimatuluka manja ali pantchito kapena madzulo anthu atadya. Mukafuna kujambula mawu pa foni pemphani, muwauze kuti agogo ndikufuna mawu anuwa ndisunge kuti adzukulu adzamve, akakana musakakamire ndipo musajambule mobisa, mungolemba m'kope mukakhala panokha.

Kafunsidwe nakonso nkofunika. Mukati agogo tandiuzeni za chikhalidwe chathu akuyankhani kuti aaa zinali bwino kale, nkhani yathera pomwepo. Funsani tinthu ting'onoting'ono. Dzina langa ili anandipatsa ndani, ndipo panachitika chiyani chaka chimenecho. Munkaimba nyimbo yanji posinja. Tsiku loyamba kufika ku Limbe munavala chiyani, munagona kuti. Ndani anayamba kukusekani chifukwa cha kayankhulidwe kanu. Akayamba kuimba musawadule olo simukumva, ajambuleni yonse, kumasulira mufunse mawa. Ndipo mukhale tcheru pamene akhala chete kapena asintha nkhani mwadzidzidzi, lembani kuti apa anakhala chete, chifukwa nthawi zambiri ndakatulo yanu ili pamenepo.

Zimathandizanso kudziwa kuti si ife tokha, kuli mitundu ina imene inalandidwa koposa ife ndipo alakatuli awo anatsegula njira. Ku Canada ana pafupifupi 150,000 a eni nthaka anachotsedwa kwa makolo awo nkuikidwa m'masukulu ogonera konko oyendetsedwa ndi mipingo ndi boma, kumene ankalangidwa akayankhula ziyankhulo zawo, ndipo sukulu zomaliza zinatsekedwa m'zaka za m'ma 1990, dzulodzuloli. Rita Joe, mayi wa mtundu wa Mi'kmaq amene anadutsa pasukulu yotere ku Shubenacadie, analemba kandakatulo kakafupi kwambiri ka chiyankhulo chimene anamulanda, anakalemba m'Chingerezi chomwecho chimene anamukakamiza, mopanda kukuwa, ndipo mpaka lero ana asukulu kumeneko amakawerenga. Ku Australia boma linkalanda ana a Aaborijini kwa zaka zambirimbiri ndipo nduna yaikulu Kevin Rudd anadzapepesa mu 2008. Mlakatuli wawo Kath Walker anatulutsa buku lake loyamba mu 1964, kenako atakula anasiya dzina lachizungulo nkutenga la kwawo, Oodgeroo Noonuccal. Chimene ndimatolapo kwa amayi awiriwa nchakuti sanadikire kuti adziwe kaye zonse za makolo awo ndipo sananamizire kuti akudziwa, analemba ali pamalo pomwe anawasiya.

Inunso chitani chomwecho polemba. Musadzisandutse gogo wa kumudzi pamene ndinu mwana wa ku Machinjiri wokulira pa tchipisi cha pachiwaya, owerenga amazindikira msanga mawu obwereka. Woyankhula m'ndakatulo yanu akhale inuyo, amene mumamva theka la zimene agogo akunena, amene mukayesa kuyankha ana a kumudzi amaseka. Chiyankhulo lembani chimene mumalota nacho, ngati ndi Chichewa cha m'tauni chosakaniza lembani chomwecho, ndipo mawu ochepa a Chilhomwe, Chiyao kapena Chisena amene munatola kwa agogo muwaike mmene alili osawamasulira, womvera amve kutsekeredwa kunja kumene inu mumamva. Kungoti mawuwo muwatsimikize kaye kwa munthu wodziwa chiyankhulocho, musangopeka poti akumveka bwino. Mwachitsanzo m'malo molemba kuti chiyankhulo cha makolo chatayika kalanga ine, mutha kulemba motere:

Agogo anati ajimwiche uli
ine ndinayang'ana amayi
amayi anayang'ana mbaula
tiyi nkuwira, nkusefukira
palibe anamuphula.

Mizere isanu yokha koma muli anthu atatu, muli manyazi a mibadwo iwiri, ndipo simunatchule mawu oti chikhalidwe olo kamodzi. Yesetsani kuti ndakatulo yonse ithe osawatchula mawu amenewo, muona mmene zikukakamizireni kupeza zinthu zooneka ndi maso.

Zida zathu zolembera tili nazo kale m'Chichewa, kungoti kusukulu tinaziloweza pofuna kukhoza mayeso basi. Mvekero ndi chuma chachikulu, zii, phwii, balala, tololo, mawu amodzi amagwira ntchito ya mzere wonse, koma awiri kapena atatu m'ndakatulo akwana. Chibwereza chitengeni ku nyimbo za pamtondo ndi za pamaliro, wina kutsogolera ena kuvomera, mukachiika bwino anthu m'holo amayamba kuvomera okha osawauza. Mikuluwiko samalani nayo, alakatuli ena amaunjika isanu ndi umodzi m'ndime imodzi kuti aoneke ozama, ine ndimati umodzi wokha, ndipo ukhale woti mukulimbana nawo kapena kuufunsa mafunso, osati kungoupachika. Zining'a nazo zili ndi mbiri yake kuno, m'nthawi ya Kamuzu alakatuli a ku Chancellor College ankabisa zimene akunena m'nyama ndi m'nthano chifukwa kunena poyera kunali kuika moyo pachiswe, ndipo Jack Mapanje anakhala m'ndende ya Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 osazengedwa mlandu. Steve Chimombo anatenga Napolo nkumuyendetsa m'ndakatulo zake zaka zambiri. Ndipo taonani, namondwe Freddy atagumula phiri la Soche mu Malichi 2023 nkukokolola nyumba ndi anthu ku Chilobwe, anthu ambiri m'tauni momuno, ena oti sanakhalepo kumudzi, ankanena kuti wadutsa Napolo. Zakale zina sizinafe, zili pansi pa lilime lathu, ndipo ndakatulo yonena za zimene zinatsalira mwa ife osadziwa imagwira mtima kuposa yongolira zimene zinapita.

Tsopano nkhani ya zinsinsi, iyi ndiyankhula motsindika. Mukamafufuza mudzakumana ndi zinthu za kudambwe, za kusimba, za kujando, za kutsimba kwa anamwali, mwina wina adzakuuzani ataledzera kapena mudzazipeza m'buku la mzungu wofufuza. Kuzipeza sikukupatsani ufulu woziika pa Facebook kapena pansalu yojambulapo. Gule Wamkulu anazindikiridwa ndi UNESCO mu 2005, Tchopa ya Alhomwe mu 2014, koma kutchuka kumeneko sikunachotse eni ake, alipo ndipo ali ndi malamulo awo. Ku Australia komweko kuli phunziro labwino. Mu 1971 pamudzi wa Papunya mphunzitsi wina, Geoffrey Bardon, analimbikitsa amuna achikulire kujambula nkhani za makolo awo ndi penti, zithunzizo zinayamba kugulidwa, koma zina zoyambirira zinaonetsa zinthu zopatulika zosayenera kuonedwa ndi osavinidwa ndipo Aaborijini anzawo anakwiya kwambiri. Ojambulawo anasintha, zina anazisiyiratu, zina nkumaziphimba ndi timadontho tambirimbiri, ndipo kajambulidwe ka madontho kameneko ndi kamene lero kakudziwika dziko lonse. Nde ngati simunalowe, jambulani kapena lembani kuchokera pamene mwaima, kunja, mwana akuthawa chilombo pamsewu wa fumbi, ng'oma ikumveka kutsidya kwa mtsinje usiku inu muli m'nyumba. Ngati munalowa mukudziwa kale zoyenera kusunga. Mukakayika funsani anamkungwi kapena amfumu musanatulutse, osati mutatulutsa kale.

Kwa inu ojambula, musadandaule kuti penti ndi wodula. Makala a pambaula amajambula bwino pa pepala lokhuthala kapena pa katoni, katondo ndi makande mukazisefa nkusakaniza ndi guluu wa matabwa zimagwira ndipo mtundu wake ndi wa nthaka yeniyeni, ndipo zingakhale bwino koposa mutakatapa dothilo pamudzi pa agogo anu pomwe. Zidutswa za zitenje kwa atelala amataya, masaka a feteleza, mapepala a kope lakale la Chingerezi lokhala ndi zolemba zofiira za aphunzitsi, kope la chithunzi chakale cha ukwati wa agogo, zonsezi mutha kumata pamodzi nkujambula pamwamba. Chithunzi chenichenicho musachidule chonde, kachiteni fotokope. Chimene ndikupemphani nchoti mupewe zija zojambulira alendo, mayi wasenza mtsuko dzuwa likulowa kuseri kwa mlambe, zimagulidwa inde koma sizinena kanthu za inu. Jambulani agogo atakhala pampando wa sofa ku Namiwawa miyendo osafika pansi bwino, akuonera TV ya chiyankhulo chimene samva. Jambulani chiphaso chanu ndi dzina limene mulibemo.

Kuti maso adye pitani ku nyumba yosungira zakale ku Chichiri mukaone zipangizo zimene makolo ankagwiritsa ntchito, mufunse ogwira ntchito kumeneko dzina la chinthu ndi dera limene chinachokera. Ku Mandala House, nyumba ya 1882 ija, kuli malo oonetsera zojambula komanso laibulale ya Society of Malawi yokhala ndi mabuku ndi zithunzi zakale, ndipo mukamaona zithunzi za nthawi ya atsamunda muzidzifunsa kuti amene waima kumbuyoyu, wosatchulidwa dzinayu, anali ndani, ndakatulo zambiri zikudikira pamenepo. Tchalitchi cha St Michael and All Angels chimene chinamalizidwa mu 1891 chinamangidwa ndi manja a anthu akuda amene anaumba ndi kuwotcha njerwa zake, kachiyang'aneni ndi maso amenewo. Mukapeza ya thiransipoti kafikeni ku Mua ku Dedza kumene Bambo Claude Boucher anayambitsa malo a zaluso ndi miyambo a Kungoni mu 1976, ndi ku Chongoni kumene kuli zojambula za pamiyala, zina za Akafula amene anali m'dziko muno Achewa asanafike. Amenewo ndiye anazimiririka pafupifupi kotheratu, ndipo ife amene tikulira kuti tinalandidwa tizikumbukira kuti makolo athu nawonso anapeza anthu.

Mfundo imeneyi ikutetezeni ku msampha wina, wosandutsa ndakatulo kukhala nyimbo ya mtundu wathu ndiye weniweni. Miyambo ya pachaka ngati Mulhako wa Alhomwe ku Chonde, Umhlangano wa Angoni ku Ntcheu kapena Kulamba kwa Achewa ku Mkaika ku Zambia ndi malo abwino okamvera nyimbo ndi kukumana ndi akuluakulu odziwa zinthu, pitani ndi kope lanu, koma ndale zimalowererapo nthawi zina ndipo mlakatuli asakhale woimbira munthu m'manja. Komanso ambiri mu Blantyre muno bambo ndi a mtundu wina mayi ndi a wina, nde musadzidule pakati kuti ndakatulo ioneke yoyera, lembani zonse ziwiri mmene zimakokanirana mwa inu. Ndipo si zonse zakale zoyenera kuziimbira, kulowa kufa, kusasa fumbi, kukwatiwitsa ana aang'ono zinapweteka anthu enieni, mwina agogo anu omwe, ngati anakuuzani ndipo alola mulembe zimenezonso.

Mukamaliza kulemba isiyeni masiku angapo kenako muiwerenge mokweza muli chiimire, pamene lilime likupunthwa kapena mpweya ukuthera pakati pa mzere pamenepo pakonzeni. Dulani ndime yomaliza ngati ikuyamba ndi tiyeni Amalawi anzanga, pafupifupi nthawi zonse ndakatulo imakhala itatha kale ndime imeneyo isanafike. Musanapite nayo ku Jacaranda Cultural Centre, kusukulu, kutchalitchi kapena pa wailesi, bwererani nayo kaye kwa amene anakuuzani nkhani muwawerengere, kapena muwaonetse chithunzicho, akati apa mwalakwitsa konzani, akati ichi musanene chotsani olo chikhale mzere umene mumaukonda kwambiri, ndipo muwafunse ngati akufuna dzina lawo litchulidwe kapena ayi. Mukagulitsa chithunzi kapena kulipidwa polakatula, kangachepe kafike kwa iwo. Mawu aja munajambula pa foni musawasiye mufoni mokha poti mafoni amabedwa ndi kuwonongeka, akopereni pa memori khadi ndi pa kompyuta, mutumizirenso abale awiri kapena atatu pa WhatsApp, ndipo fayilo iliyonse muilembe dzina la woyankhula, mudzi, mfumu yaikulu ya deralo ndi tsiku limene munajambula.